Apache ikamangoti 503: kusaka pomwe ulalo wopita ku Tomcat wadukira pa Linux

Foni imalira m'mawa musanamwe n'tiyi yemwe: "Achimwene, system yagwanso." Mukatsegula tsamba mupeza mawu akuda pamalo oyera, Service Unavailable, ndi nambala 503. Ambirife manja amathamangira kuzimitsa Tomcat, seva yomwe imayendetsa mapulogalamu a Java, n'kuyiyatsanso. Nthawi zina zimathekadi, tsamba limabwerera, anthu n'kupitiriza ntchito. Kenako Lachinayi foni ija iliranso, ndipo simudziwabe chomwe munakonza Lolemba.

Chofunika kuchigwira musanakhudze chilichonse ndi ichi: amene walemba 503 ija si Tomcat, ndi Apache. Mlendo akabwera, amafikira kwa Apache pa port 80 kapena 443. Apache ili ngati mlonda wa pageti. Imatenga pempho lija n'kukagogoda kwa Tomcat kudzera pa khomo lakumbuyo, port 8009, m'chilankhulo chawo chotchedwa AJP. Wonyamula uthengawo amakhala mod_jk kapena mod_proxy_ajp, yomwe inayamba kubwera limodzi ndi Apache kuyambira pa 2.2. Mlonda akagogoda osayankhidwa, amabwerera pageti n'kunena kuti eni ake kulibe. Koma "kulibe" ameneyu ali ndi matanthauzo angapo. Mwina kulibedi, mwina alipo koma mlonda wagogoda khomo lina, mwina wina wamuletsa mlondayo kulowa m'bwalo, mwinanso eni ake ali mkati koma atanganidwa moti sangadzuke pampando.

Dulani unyolo pakati

Lowani pa seva pomwe pali Tomcat, muifunse mwachindunji osadzera kwa Apache:

curl -I http://127.0.0.1:8080/app/

Pomwe ndalemba app ikani dzina la pulogalamu yanu. Ikayankha 200 kapena 302, Tomcat ili moyo, pulogalamu ili bwino, vuto lili pakati pa awiriwa. Ikakana kulumikizana, kapena ikangoti zii osabwerera, vuto lili kwa Tomcat, ndipo mafayilo a Apache musawakhudze n'komwe. Ena anatseka dala 8080 m'fayilo ya Tomcat ya server.xml, choncho musadalire curl yokha. Onani makomo onse omwe Java yatsegula:

sudo ss -ltnp | grep java

Mzere wa 8009 uwoneke, ndipo muwerengenso adiresi yomwe ili kumanzere kwa nambalayo, chifukwa tidzaibwerera. Port 8005 ikaoneka musaiganizire, ndi yozimitsira Tomcat.

Mukatero tsegulani log ya Apache. Pa Debian ndi Ubuntu ili pa /var/log/apache2/error.log, pa Red Hat, Rocky ndi AlmaLinux ili pa /var/log/httpd/error_log. Ogwiritsa ntchito mod_jk ali ndi log ina yapadera, yomwe malo ake amatchulidwa pa mzere wa JkLogFile. Pa Debian imakhala /var/log/apache2/mod_jk.log. Musawerenge zonse. Siyani tail -f ikuyenda, tsegulani tsamba kamodzi, muone mizere yomwe yangotuluka. M'mizeremo funani nambala imodzi mwa zitatu: 111, 13 kapena 70007. Iliyonse ikuloza kwina.

Nambala 111: khomo lotseka

Connection refused. Ndi mod_proxy_ajp mudzaona AH00957 ndi mawu oti attempt to connect to 127.0.0.1:8009 failed. Ndi mod_jk mudzaona errno=111, komanso chiganizo chonena kuti Tomcat is probably not started or is listening on the wrong port. Chiganizo chimenechi chimasocheretsa, poti munthu amaona Tomcat ikuyenda bwinobwino, port ndi 8009 mbali zonse ziwiri, n'kumaganiza kuti log yapenga.

Ngati vutoli layamba mutangokweza Tomcat kapena mutasamukira pa seva yatsopano, kaikirani kaye nkhani ya mu February 2020. Mwezi umenewo kunalengezedwa chiboo chotchedwa Ghostcat, CVE-2020-1938, chomwe anachipeza akatswiri a kampani ya ku China ya Chaitin Tech. Aliyense wotha kufika pa port 8009 ankatha kuwerenga mafayilo a mkati mwa pulogalamu, kuphatikizapo a mu WEB-INF momwe anthu amasungamo mawu achinsinsi a database. Eni Tomcat anatseka chiboocho mu 9.0.31, 8.5.51 ndi 7.0.100, ndipo potseka anasintha khalidwe la AJP m'njira zomwe zikugwetsabe anthu mpaka lero.

Poyamba, mzere wa Connector wa AJP, womwe umatsegula khomo la 8009, mu server.xml yatsopano umabwera wophimbidwa ndi zizindikiro za <!-- ndi -->, kutanthauza kuti ndi wozimitsa. Ngati ss sinaonetse 8009, yambirani pamenepo. Koma kungochotsa zizindikirozo sikokwanira, poti tsopano Tomcat imafuna mawu achinsinsi ogwirizana ndi Apache. Mukapanda kuwaika, Tomcat imayaka ndithu, 8080 imagwira ntchito, systemctl status imaonetsa zobiriwira, koma Connector ya AJP yokha imakana kuyamba. Umboni wake uli mu catalina.out, log ya Tomcat, kapena mu journalctl -u tomcat9 kwa omwe anaika Tomcat kudzera pa apt: mzere wonena kuti secretRequired="true" koma secret ilibe kanthu. Konzani chonchi:

<Connector protocol="AJP/1.3" address="127.0.0.1" port="8009" secret="mawu-aatali-ovuta-kulota" redirectPort="8443" />

Mawu omwewo muwapereke kwa Apache. Mu workers.properties ya mod_jk:

worker.list=tomcat1
worker.tomcat1.type=ajp13
worker.tomcat1.host=127.0.0.1
worker.tomcat1.port=8009
worker.tomcat1.secret=mawu-aatali-ovuta-kulota

Kwa a mod_proxy_ajp ndi mzere umodzi:

ProxyPass /app ajp://127.0.0.1:8009/app secret=mawu-aatali-ovuta-kulota

Apache inayamba kumva secret ameneyu pa 2.4.42, ngakhale ena opanga Linux anamuwonjezera m'ma Apache awo akale. Yanu ikamati unknown Worker parameter, ndiye kuti ndi yakale. Mawu akasiyana ngakhale ndi chilembo chimodzi, 503 imachoka n'kubwera 403, ndipo imeneyo ndiye yochokera kwa Tomcat. Nayonso 403 imabwera pamene Apache ikutumiza zinthu zowonjezera zomwe Tomcat sikuzidziwa, monga zimachitikira ndi Shibboleth kapena JkEnvVar; mankhwala ake ndi allowedRequestAttributesPattern pa Connector yomweyo.

Mudzamva ena akukuuzani kuti ingolembani secretRequired="false" zithe. Pa seva imodzi yomwe Apache ndi Tomcat zikukhala limodzi, 8009 ikumvetsera pa 127.0.0.1 pokha, ndipo palibe anthu ena olowa pa sevayo, sindingakutsutseni kwambiri. Koma kulemba zimenezo pamodzi ndi address="0.0.0.0" n'kugona chitseko chili pululu.

Msampha womwe unandidyera tsiku lathunthu ndi wa adiresi. Chitsanzo chomwe chimabwera mu server.xml chili ndi address="::1". Imeneyi ndi adiresi ya seva yomweyo, inde, koma ya IPv6. Mukangovundukula mzerewo osausintha, Tomcat imamvetsera pa ::1 pomwe Apache ikugogoda pa 127.0.0.1. Nyumba ndi imodzi, makomo ndi awiri. Apa m'pamene adiresi ija ya mu ss imathandiza: mukaona [::1]:8009 ndiye kuti ndi IPv6 yokha, pomwe [::ffff:127.0.0.1]:8009 ndi IPv4 yolembedwa mwa kalembedwe ka IPv6, ndipo ili bwino. Ine ndinasiya kulemba localhost m'mafayilo amenewa, chifukwa dzinali limatha kutanthauza iliyonse mwa ziwirizo malinga ndi zomwe zili mu /etc/hosts. Ndimalemba manambala mbali zonse. Ngati Apache ili pa seva ina, ikani pa address adiresi ya mkati mwa network ya sevayo, popeza mukapanda kulemba kanthu Tomcat yatsopano imangomvetsera za pa seva yake yokha. Kenako uzani firewall kuti pa 8009 izilola seva ya Apache basi.

Nambala 13: mlonda waletsedwa

Permission denied. Pa Red Hat ndi abale ake, kawirikawiri ameneyu ndi SELinux, chitetezo cha mu Linux chomwe chimaletsa pulogalamu kuchita zomwe sinaloledwe. Chizindikiro chake n'chakuti inuyo mukayesa kulumikiza pa terminal zikutheka, koma Apache ikukanidwa pa adiresi ndi port zomwezo. Tsimikizani ndi sudo ausearch -m avc -ts recent. Mukaona httpd_t ikukanidwa name_connect, mwamupeza. Lamulo lake ndi ili:

sudo setsebool -P httpd_can_network_connect 1

Musaiwale -P. Popanda iye chilolezocho chimatha seva ikangozima, ndipo vuto limadzabwera patapita miyezi inu mutaiwala kalekale chomwe munachita. Za setenforce 0 n'zoyesera kwa mphindi imodzi kuti muone ngati ndi SELinux, kenako muibwezere pa 1.

Masekondi 60 osokoneza mutu

Pali kachinthu kena komwe kamachititsa munthu kuganiza kuti zomwe wakonza sizinagwire. Mod_proxy ikalephera kufika kwa Tomcat, imaika chizindikiro choti kumeneko n'kodwala, n'kukhala masekondi 60 osayesanso. Mu log mumalembedwa AH00959, disabling worker for 60s. Mkati mwa nthawi imeneyo Tomcat ikhoza kukhala itachira, koma Apache imangopereka 503 osagogoda n'komwe. Inu mumaganiza kuti mwalakwitsa, mumabweza zomwe munasintha, n'kuwononga chinthu chomwe chinali chitakonzeka. Dikirani mphindi imodzi kapena chitani reload pa Apache. Ngati kumbuyo kuli Tomcat imodzi yokha, onjezani retry=5 kumapeto kwa mzere wa ProxyPass, poti palibe kwina komwe alendo angatumizidwe podikirapo.

Kwathu kuno nkhaniyi imakumana ndi ya magetsi. Akathima nthawi yaitali, UPS n'kutha mphamvu, seva imazima. Akabwera, Apache imadzuka m'masekondi ochepa, Tomcat imabwera m'mbuyo mwapang'onopang'ono, ndipo database ikhoza kuchedwa kuposa onse ikamadzikonza chifukwa chozima mwadzidzidzi. Mphindi zoyamba za 503 n'zosadabwitsa. Choipa n'chakuti Tomcat ikayamba database isanadzuke, mapulogalamu ambiri amalephera kuyamba ndipo sayesanso. Zikatero Tomcat imakhala moyo koma ikupereka 404 pa tsamba lililonse mpaka wina aiyatsenso. Ngati database ili pa seva yomweyo, lembani sudo systemctl edit tomcat9, ndipo pansi pa [Unit] muike After=postgresql.service kapena dzina la database yanu. Pa makina akale a virtual yang'ananinso mu catalina.out mzere wokhala ndi mawu oti Creation of SecureRandom instance. Ukamaonetsa kuti watenga masekondi ambirimbiri, onjezani -Djava.security.egd=file:/dev/./urandom pa JAVA_OPTS. Kadontho ka pakatiko si kulakwitsa, kasiyeni momwemo.

Nambala 70007: m'mawa zili bwino, masana zafa

Ili ndiye vuto lenileni la foni ya Lachinayi ija. Log imati The timeout specified has expired, limodzi ndi AH01030, ajp_ilink_receive() can't receive header. Apache yagogoda, khomo latseguka, pempho lalowa, koma yankho silikutuluka. Wogwiritsa ntchito amaona tsamba likuzungulira kwa nthawi yaitali kenako 503 kapena 504. Mukayatsanso Tomcat zonse zimayera, n'chifukwa chake vutoli limatha kukhala chaka chathunthu osadziwika gwero lake. Kuyatsanso kumafufuta umboni.

Ulendo wina zikachitika, pirirani mphindi imodzi musanazimitse. Pezani nambala ya process ya Tomcat, mulembe sudo kill -3 ndi nambalayo. Musaope dzinalo, lamuloli silipha kanthu. Limauza Java kuti ilembe mu catalina.out zomwe thread iliyonse, kapena kuti wantchito aliyense wa mkati mwake, ikuchita panthawiyo. Chitani katatu, mukusiya masekondi khumi pakati. Amene ali ndi JDK yathunthu akhoza kugwiritsa ntchito jstack. Mukatero yatsaninso Tomcat anthu agwire ntchito, inu mukhale pansi muwerenge.

Tomcat imabwera ndi maxThreads ya 200, kutanthauza ma thread 200 ogwira mapempho nthawi imodzi. Funani ma thread omwe maina awo akuyamba ndi ajp-nio, muone pomwe aima. Pa ofesi ina yomwe ndinkathandiza, pafupifupi onse 200 anali pa mzere umodzi, borrowObject, kudikira kuti apatsidwe connection ya ku database. Pool, kapena kuti mtsuko wa ma connection, yomwe Tomcat imagwiritsa ntchito mukapanda kusankha ina, DBCP 2, imangopereka ma connection 8 ngati simunasinthe maxTotal, ndipo wopempha amadikira mpaka kalekale ngati simunaike maxWaitMillis. Tsamba lina lotulutsa lipoti linkatenga connection osabweza pakachitika cholakwika. Lipotilo likalephera kasanu ndi katatu, mtsuko wauma, ndipo aliyense wobwera pambuyo amangoima pamzere mpaka ma thread atha. N'chifukwa chake zinkafa kumapeto kwa mwezi, nthawi ya malipoti. Tinali titawonjezerapo RAM kawiri pachabe.

Kukweza maxThreads pa vuto lotere n'kungotalikitsa mzere pamjigo wouma. Tinaika maxWaitMillis="10000" kuti wodikira azilephera msanga, removeAbandonedOnBorrow="true" kuti ma connection otayika azibwezedwa, ndi logAbandoned="true" yomwe inatilozera mzere weniweni wa code womwe unkataya. Wolemba pulogalamuyo anakonza m'mphindi makumi awiri.

Ngati ma thread ambiri angokhala osachita kanthu koma Apache ikulepherabe, onani ngati pakati pa maseva awiriwo pali firewall. AJP imasunga ma connection otsegula kuti iwagwiritsenso ntchito, ndipo firewall zambiri zimadula mwakachetechete connection yomwe yakhala nthawi yaitali osadutsa kanthu. Mbali zonse ziwiri zimaganiza kuti chingwe chilipo. Chizindikiro chake n'chakuti amene amavutika ndi munthu woyamba kulowa m'mawa kapena pobwera ku nkhomaliro, ena onse zimawayendera. Kwa mod_jk onjezani izi:

worker.tomcat1.socket_keepalive=true
worker.tomcat1.ping_mode=A
worker.tomcat1.connection_pool_timeout=600

ndipo pa Connector ya Tomcat muike connectionTimeout="600000". Samalani, ya mod_jk imawerengedwa m'masekondi, ya Tomcat m'mamilisekondi, ndipo ziwirizi ziyenera kufanana. Firewall yanu ikamadula mphindi khumi zisanakwane, tsitsani zonse ziwiri. A mod_proxy_ajp aike ping=3 ndi ttl yocheperapo nthawi ya firewall pa mzere wa ProxyPass.

Amene akadali pa Tomcat 7 ali ndi mtolo wina. Connector yake yakale ya BIO imagwira thread imodzi pa connection iliyonse ngakhale isakuchita kanthu, choncho MaxRequestWorkers, malire a mapempho omwe Apache imagwira nthawi imodzi, ikaposa maxThreads, Tomcat imadzaza popanda ntchito yeniyeni. BIO inachotsedwa pa 8.5, ndipo Tomcat 7 inasiya kulandira zokonza mu 2021, ndiye yankho lake mukulidziwa kale.

Nthawi zina Tomcat imangosowa osasiya mawu mu catalina.out. Funsani kernel: sudo dmesg -T | grep -i "killed process". Mukapeza java pamenepo, Linux inaipha chifukwa RAM inatha. Kawirikawiri wina anaika -Xmx, malire a RAM omwe amapatsidwa kwa Java, yofanana ndi RAM yonse ya seva, kuiwala kuti Java imadyanso kunja kwa malire amenewo, ndipo database ndi Apache nazo zikudyera m'mbale yomweyo.

Zina zofanana nazo koma si 503

Apache ikamapereka 404 yake, kapena kuonetsa code ya JSP ngati zolemba wamba, pempho silikupita n'komwe kwa Tomcat. Pansi pa tsamba la 404 la Tomcat pamalembedwa Apache Tomcat ndi nambala yake; ngati palibe, wayankha ndi mlonda. Ndi mod_jk chifukwa chake chimakhala chimodzimodzi nthawi zambiri: JkMount, mzere wouza Apache zoti izitumiza kwa Tomcat, ikalembedwa kunja kwa VirtualHost siilowamo yokha. Zimaonekera tsiku lomwe mwaika satifiketi, http ikugwira koma https ayi, poti ya 443 ndi VirtualHost ina. Lembani JkMount /app/* tomcat1 mu iliyonse, kapena JkMountCopy On. Koma ngati 404 ndi ya Tomcat ndipo mwangosamukira pa Tomcat 10, monga yomwe imabwera ndi Debian 12, vuto si AJP: kuyambira pa 10 maina a javax.servlet anasanduka jakarta.servlet, ndipo WAR yakale, fayilo ya pulogalamu yanu, siigwira isanasinthidwe.

Anthu ochepa okha akamalandira 400 kapena 413 anzawo onse zikuwayendera, ma cookie kapena matikiti awo a Kerberos akula kupitirira phukusi la AJP, lomwe ndi ma byte 8192. Malire ake ndi 65536. Kwezani packetSize pa Tomcat, ndi max_packet_size pa mod_jk kapena ProxyIOBufferSize pa mod_proxy_ajp, nambala yofanana mbali zonse. Ndipo ngati muli ndi ma Tomcat awiri, anthu n'kumadandaula kuti akutulutsidwa ali mkati mogwira ntchito, onani jvmRoute pa mzere wa Engine mu server.xml. Iyenera kufanana ndi dzina la worker, lija la mu workers.properties. Tsegulani ma cookie mu browser: JSESSIONID izithera ndi kadontho ndi dzinalo, monga .tomcat1.

Kodi AJP ikufunikabe?

Pa seva yakale yomwe ikuyenda bwino, makamaka ya ma Tomcat angapo pansi pa mod_jk, sindiigwedeza. Koma pa yatsopano ya Tomcat imodzi ndimasankha mod_proxy_http kulunjika pa 8080, chifukwa khomo lomwe Apache ikugogoda ndi lomwelo lomwe ndingaliyese ndi curl, pomwe AJP curl siimva. Mtengo wake ndi woti zomwe AJP inkanyamula yokha muyenera kuzinena. Mu VirtualHost ya 443 ikani ProxyPreserveHost On ndi RequestHeader set X-Forwarded-Proto "https", yomwe imafuna mod_headers. Mu server.xml onjezani RemoteIpValve yokhala ndi protocolHeader="X-Forwarded-Proto", ndipo Connector ya 8080 muipatse address="127.0.0.1". Mukaiwala Valve imeneyo pulogalamu idzaona alendo onse ngati akuchokera pa 127.0.0.1, ndipo munthu akangolowa idzamubweza ku http m'malo mwa https.